Nkhodolero ndi mawu a agogo: kuyerekeza malaibulale akale ndi atsopano a nkhokwe za pa kompyuta

Chimangirizo chino chikuyerekeza njira zitatu zomwe pulogalamu ya pa intaneti yolembedwa m'chiyankhulo cha makompyuta cha PHP imayankhulirana ndi nkhokwe ya MySQL. Njira yakale imatchedwa mysql, ndipo ziwiri zatsopano ndi mysqli ndi PDO. Wina atha kudabwa kuti nkhani ya makompyuta ikufunanji m'buku la ophunzira ziyankhulo. Nanenso ndikadadabwa chaka cha 2023 chisadafike. M'chaka chimenecho ndidatulukira kuti mawu ambiri omwe agogo anga ndi anzawo a ku Milepa adatipatsa adasowa, ndipo chidawasowetsa ndi kachizindikiro kamene tonse tidakaphunzira ku pulaimale, nkhodolero.

Kwathu ndi ku Milepa m'boma la Chiradzulu, chakufupi ndi malire a Phalombe. Chichewa chomwe timayankhula kumeneko n'chosakanikirana. Muli mawu a Chimang'anja, a Chilomwe ndi a Chiyao omwe sapezeka m'mabuku a kusukulu. M'chaka cha 2011 achimwene anga, omwe panthawiyo ankaphunzira za makompyuta, adayamba kulemba mawu oterewa m'makope. Ankakhala pakhonde ndi agogo akazi pamene iwo akusola nandolo, n'kumawafunsa mayina a ndiwo, a zida za kumunda, a magule ndi a matenda. Liwu lililonse ankalipatsa nambala m'kope. Pambuyo pake adakonza katsamba ka pa intaneti komwe ankatayipamo liwu, tanthauzo lake, chiganizo cha chitsanzo ndi nambala ya m'kope ija. Ntchitoyi adaisiya mu 2015 atapeza ntchito kutauni. Agogo adatisiya mu 2018. Makope aja adatsala m'katoni kuchipinda kwawo, ndipo mvula ya namondwe wa Freddy ya mu Malichi 2023, yomwe idasakaza kwambiri m'maboma a kummwera kuphatikizapo Chiradzulu, idalowa m'nyumbamo n'kuwanyowetsa. Inki idayenderera, masamba adamatana. Ine sindidade nkhawa kwambiri poganiza kuti zonse zili m'kompyuta.

Nditafuna kugwiritsa ntchito mawuwo pa kafukufuku wanga wa chaka chomaliza, tsamba lija lidakana kutseguka. Pagalasi padangolembedwa mzere umodzi wa Chingerezi: Call to undefined function mysql_connect(). Apa mpamene maphunziro anga a makompyuta adayambira, mokakamizidwa.

Ntchito ya laibulale

Chomwe a makompyuta amachitcha database, ine ndizichitchula kuti nkhokwe, chifukwa ntchito yake ndi yomweyo: kusunga zinthu mwadongosolo kuti udzatape pamene wazifuna. Nkhokwe ya MySQL imamva chiyankhulo chake chotchedwa SQL. Tsamba la pa intaneti nalo limalembedwa m'chiyankhulo china, monga PHP. Kuti ziwirizi zimvane pamafunika mthenga wonyamula mawu kuchoka ku tsamba kupita ku nkhokwe ndi kubweretsa yankho. Mthenga ameneyu ndi amene amatchedwa laibulale kapena dalaivala. Si laibulale ya mabuku ayi, koma mtolo wa malamulo olembedwa kale omwe wokonza pulogalamu amangowaitana.

PHP ndi MySQL zonse zidayamba kudziwika m'chaka cha 1995, ndipo laibulale ya mysql ndi imene idazilumikiza kwa zaka zambiri. Mu Julayi 2004, PHP 5.0 idabwera ndi mysqli, momwe lembo la i likuimira mawu a Chingerezi otanthauza kuti yokonzedwanso. PDO idatsatira mu Novembala 2005 ndi PHP 5.1. Laibulale yakale idapitirirabe kugwira ntchito mpaka 2013 pamene PHP 5.5 idayamba kuchenjeza kuti masiku ake atha, ndipo mu Disembala 2015 PHP 7.0 idaichotseratu. Uthenga womwe ndidauona pagalasi unkatanthauza zimenezi. Eni seva yomwe inkasunga tsamba lathu adaika PHP yatsopano, ndipo mthenga yemwe achimwene ankamutuma adali atachotsedwa ntchito kalekale.

Choncho pamene achimwene ankayamba ntchito yawo mu 2011, njira zatsopano zidali zitakhalapo zaka zisanu ndi kuposa. Nditawafunsa chifukwa chomwe sadazigwiritsire ntchito adandiyankha kuti, "Achemwali, mabuku omwe tinkabwerekana ku koleji onse ankaphunzitsa yakaleyo. Umalemba zomwe waona." Sindidawaweruze. Ifenso a ziyankhulo timabwereza zomwe zili m'mabuku akale kwa zaka zambiri osafunsa.

Momwe laibulale yakale imatumira mawu

Mu pulogalamu ya achimwene ndidapeza mizere iwiri iyi:

$sql = "INSERT INTO mawu (liwu, tanthauzo) VALUES ('$liwu', '$tanthauzo')";
mysql_query($sql);

Mzere woyamba ukupanga chiganizo cholamula nkhokwe kuti isunge liwu ndi tanthauzo lake. Mzere wachiwiri ukutumiza chiganizocho. Taonani kuti liwu lomwe munthu watayipa likulowetsedwa m'kati mwa chiganizo cholamulacho, pakati pa nkhodolero ziwiri. M'chiyankhulo cha SQL nkhodolero imagwira ntchito yomwe mitengero imagwira m'Chichewa: yoyamba imatsegula mawu otengedwa, yachiwiri imatseka.

Munthu akatayipa liwu lakuti nandolo, nkhokwe imalandira 'nandolo' ndipo zonse zimayenda bwino. Akatayipa lakuti ng'ombe, nkhokwe imalandira 'ng'ombe'. Imawerenga nkhodolero yoyamba n'kutsegula, imawerenga n ndi g, imafika pa nkhodolero yachiwiri n'kutseka. Kwa iyo liwu latha, ndipo liwulo ndi ng. Zotsalazo, ombe, imayesa kuzimva ngati lamulo, koma lamulo lotero kulibe. Pamenepo imakana chiganizo chonse ndipo palibe chomwe chimasungidwa.

Anzathu olemba mapulogalamu m'Chingerezi amalidziwa vutoli, ndipo chitsanzo chawo kawirikawiri ndi mayina a ku Ireland monga O'Brien. Kwa iwo ndi mlendo wobwera kamodzikamodzi. Kwa ife ndi mwininyumba. M'Chichewa nkhodolero ili m'lembo la ng', lomwe likuimira liwu losiyana ndi la ng. Ili mu m' wosonyeza malo, monga m'munda, m'dambo, m'nyumba. Ili mu n' wofupikitsa ndi, monga n'kale, n'chifukwa. Ili m'mawu a tsiku ndi tsiku monga pang'ono, mng'ono, sing'anga, ng'anjo. Ngakhale dzina la Amang'anja eni ake lili nayo. Werengani ndime iliyonse ya chimangirizo chino muone ngati mupeze yopanda nkhodolero. Ndiye ganizirani mtanthauziramawu momwe liwu lililonse lili ndi tanthauzo komanso chiganizo cha chitsanzo.

Chopweteka kwambiri n'chakuti laibulale yakale siifuula. Nkhokwe ikakana, mysql_query imangobweza yankho lakuti false, ndipo ngati wolemba pulogalamu sadaike mzere wofunsa yankholo, pulogalamu imapitirira ngati zonse zili bwino. Ya achimwene inkalemba pagalasi kuti "Mawu asungidwa" nthawi zonse, kaya asungidwadi kaya ayi.

Zaka zitatu, mavuto atatu

Nditatsegula nkhokwe yeniyeniyo ndi kusanja mawu motsatira masiku omwe adalowetsedwa, ndidaona kuti ili m'magawo atatu, ngati dothi la m'dzenje lokumbamo njerwa.

Mawu a mu 2011 ndi 2012 ali bwinobwino, nkhodolero zonse zili m'malo mwake. Izi zidandizunguza poyamba. Ndidadzamva kuti PHP ya nthawi imeneyo idali ndi kachipangizo kotchedwa magic quotes, komwe kankaika kamzere kopendekera patsogolo pa nkhodolero iliyonse yomwe munthu watayipa, motere: ng\'ombe. Kamzereko kamauza nkhokwe kuti nkhodolero yotsatirayo ndi mbali ya liwu, isatseke. Achimwene sankadziwa n'komwe kuti pali chomwe chikuwateteza. Kachipangizoka kadali ndi mavuto akenso, chifukwa kankaika timizere ngakhale pomwe sitikufunika, ndipo kadachotsedwa mu PHP 5.4 ya mu Malichi 2012.

Gawo lachiwiri ndi la 2013, pamene achimwene adasamutsira tsamba lija ku seva ina yomwe idali ndi PHP yopanda kachipangizo kaja. M'gawo limeneli mulibe nkhodolero ngakhale imodzi, chifukwa chilichonse chomwe chidali nayo sichidalowe. Nambala zomwe nkhokwe imadzipatsa yokha zikutsatana bwinobwino, popeza chiganizo chokanidwa sichisiya phazi. Koma nambala za m'kope zikudumphadumpha: 412, 415, 416, 423. Pakati pa 416 ndi 423 pali mawu asanu ndi limodzi omwe agogo adanena, achimwene adatayipa, kompyuta idati asungidwa, ndipo lero sali paliponse. Chaka chimenecho ndi chomwe ankafunsa za mankhwala a zitsamba ndi za chinamwali.

Gawo lachitatu likuyamba mu 2014. Achimwene adazindikira kuti china chake chikulakwika, ndipo adawonjezera mzere umodzi wofufuta nkhodolero zonse mawu asadatumizidwe. Mawu adayambanso kulowa, koma opunduka. Pofotokoza gule wa tchopa wa Alomwe, yemwe bungwe la UNESCO lidamuika pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse m'chaka chomwecho cha 2014, nkhokwe yathu ikuti guleyu amavinidwa ndi ngoma zitatu. Ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Agogo adanena ng'oma. Pena palembedwa kuti pamaliro mbale wa womwalira ndiye amayankhula, pomwe iwo adati m'bale. Ine ndimaseka ndikawerenga zimenezi chifukwa ndikudziwa chomwe chimatanthauzidwa. Koma mawu omwe ndidawafunira nkhokweyi ndi omwe sindiwadziwa, a Chilomwe ndi Chimang'anja chakale, ndipo pa amenewo sindingathe kulota ngati padali ng kapena ng'.

"Achimwene, nanga nkhodolero mudazipititsa kuti?" ndidawafunsa pafoni.

"Zinkandigwetsera pulogalamu, ndiye ndidazichotsa. Si kachizindikiro chabe kodi?"

Kunena chilungamo, laibulale yakale idali ndi mankhwala ake. Lamulo la mysql_real_escape_string limaika kamzere kopendekera kaja pamalo oyenera. Vuto lake n'lakuti wolemba pulogalamu ayenera kulikumbukira pa liwu lililonse, pa chiganizo chilichonse, tsiku lililonse. Akaiwala pamodzi pokha, mpata watseguka. Ndipo mpata womwe ng'ombe imagwerapo ndi womwewo womwe wakuba amalowerapo. Munthu atha kutayipa dala nkhodolero kuti atseke mawu, kenako n'kupitiriza ndi lamulo lake la SQL, monga loti nkhokwe imuonetse zonse zomwe yasunga. Umbava umenewu umatchedwa SQL injection ndipo udalembedwa poyera koyamba mu 1998. Mu 2015 kampani ya matelefoni ya TalkTalk ku Britain idaberedwa mbiri za makasitomala ake mwanjira imeneyi, ndipo chaka chotsatira idalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 400,000.

Chomwe mysqli ndi PDO zidasintha

Poyamba ndidachita zomwe ambiri amachita: ndidangowonjezera i paliponse pomwe padali mysql, n'kukonza pang'ono kaimidwe ka mawu. Tsamba lidatseguka. Ndidachotsa mzere wofufuta nkhodolero uja, ndidatayipa ng'ombe, ndipo nkhokwe idakananso. Kusiyana kwake kudali kwakuti ulendo uno pulogalamu idaima n'kundiuza. Kuyambira PHP 8.0 ya mu 2020, PDO imaimitsa pulogalamu nkhokwe ikakana chiganizo, ndipo mysqli idayamba kuchita chimodzimodzi mu PHP 8.1 ya mu 2021. Izi zisadachitike, malaibulale atsopanowa nawo ankakhala chete pokhapokha wolemba pulogalamu atawalamula kuti azinena. Zikadakhala kuti achimwene adamva kufuula kotereku mu 2013, akadadziwa tsiku loyamba lomwelo.

Kusintha kwenikweni kuli pa chomwe chimatchedwa prepared statement, chiganizo chokonzeratu. Nayi mizere yomwe ndidalemba ndi PDO:

$s = $pdo->prepare("INSERT INTO mawu (liwu, tanthauzo) VALUES (:liwu, :tanthauzo)");
$s->execute(['liwu' => $liwu, 'tanthauzo' => $tanthauzo]);

Apa lamulo likupita palokha lili ndi mipata iwiri, ndipo mawu odzaza mipatayo akupita paokha pambuyo. Zili ngati fomu ya kuchipatala: mafunso adasindikizidwa kale, ndipo chomwe wodwala angalembe pa mzere wa dzina chimakhala dzina basi, sichingasanduke funso. Wophunzira galamala aona msanga kuti nkhani yake ndi yosiyanitsa mawu a woyankhula ndi mawu otengedwa. Laibulale yakale idalibe njira yochitira zimenezi. Nditagwiritsa ntchito mizere iwiriyi, ng'ombe, m'bale ndi ng'oma zidalowa momwe zilili, popanda kufufuta kapena kuwonjezera kanthu.

Pakati pa mysqli ndi PDO kusiyana sikwakukulu monga pakati pa izo ndi yakale ija, komabe kulipo. Mu mysqli mipata imasonyezedwa ndi mfunsiro wokha, ndiye ukakhala ndi mipata isanu ndi itatu uyenera kuwerenga mosamala kuti tanthauzo lisalowe pamalo a chitsanzo. PDO imalola kuipatsa mipata mayina, monga :liwu, ndipo kwa ine amene si katswiri izi zidandipepukira. Mbali inayi, mysqli idakonzedwera MySQL yokha pamodzi ndi mphukira yake MariaDB, choncho imafikira zinthu zina za m'katikati mwa MySQL zomwe PDO siifikira. Palinso kamsampha kena: PDO ikamayankhula ndi MySQL, ikasiyidwa momwe idabwerera, imalumikiza yokha lamulo ndi mawu isadatumize, ngakhale imateteza nkhodolero moyenera. Wofuna kuti ziwirizi zipite padera zenizeni ayenera kuzimitsa chotchedwa ATTR_EMULATE_PREPARES.

Chidandikokera ku PDO ndi Milepa. PDO imayankhula ndi nkhokwe za mitundu yambiri, monga PostgreSQL ndi SQLite. SQLite ndi nkhokwe yaing'ono yomwe imakhala m'fayilo imodzi pa laputopu ndipo siifuna seva kapena intaneti. Kumudzi, komwe netiweki imabwera n'kupita ndipo bandulo ndi ndalama, ndimatayipa mawu mu SQLite. Ndikabwerera kusukulu ndimasintha mzere umodzi wolumikizira ndipo pulogalamu yomweyo imayankhula ndi MySQL. Zimatheka mosavuta chonchi chifukwa ziganizo zanga za SQL n'zapafupi. Pa pulogalamu yaikulu pamakhala zambiri zokonza.

Nkhani ya w wa kachipewa

M'mabuku ena a Chichewa, monga Baibulo la Buku Loyera, mumapezeka lembo la ŵ. Agogo ankalitchula momveka bwino liwu limeneli, ndipo achimwene ankalilemba. M'nkhokwe yathu ndidapeza MalaÅµi pomwe padayenera kukhala Malaŵi. Kompyuta imasunga lembo lililonse ngati nambala, ndipo pali matebulo osiyanasiyana osonyeza kuti nambala iyi ndi lembo liti. Tebulo lotchedwa latin1, lomwe MySQL inkayambira mpaka MySQL 8.0 ya mu 2018 idasinthira ku utf8mb4, lidakonzedwera ziyankhulo za kumadzulo kwa Ulaya ndipo mulibe ŵ. Mu UTF-8 lemboli limasungidwa ndi nambala ziwiri. Tsamba linkatumiza nambala ziwirizo, laibulale n'kuuza nkhokwe kuti ndi latin1, ndipo nkhokwe idaziwerenga ngati zilembo ziwiri, Å ndi µ. Mwayi wake, vuto ili limabwezeka, chifukwa nambala zenizenizo zidakalipo. Ndidalikonza madzulo amodzi. Mu PDO umangolemba charset=utf8mb4 pa mzere wolumikizira, ndipo mu mysqli pali lamulo la set_charset. Laibulale yakale nayo idalandira lamulo lofanana nalo mu 2007, koma mabuku omwe achimwene adawerenga adali asadalimve.

Mavutowa si a PHP yokha. Olemba mapulogalamu m'chiyankhulo cha Ruby nawo adasiya laibulale yawo ya mysql n'kutenga mysql2 cha m'ma 2010, mwa zina chifukwa cha matebulo a zilembo omwewa. Izi zimatikhudza, popeza mapulogalamu omwe bungwe la Baobab Health Trust lidakonzera zipatala za m'Malawi adalembedwa ndi Ruby on Rails ndi MySQL, ndipo m'zipatala mumalembedwa mayina okhala ndi ng' tsiku lililonse.

Pali chinthu chimodzi chomwe laibulale iliyonse, yakale kapena yatsopano, siingakonze. Nkhodolero pa kompyuta zilipo ziwiri: yowongoka yomwe ili pa kiyibodi, ndi yopindika yomwe Microsoft Word ndi mafoni ena amaika okha. Kwa maso athu ndi imodzi, kwa nkhokwe ndi zilembo ziwiri zosiyana. Mnzanga wina adafufuza sing'anga pafoni yake ndipo tsamba lidamuyankha kuti liwulo palibe, chikhalirecho lilipo. Apa pafunika munthu wosankha kuti nkhodolero ya Chichewa pa kompyuta ikhale iti. Ine ndidasankha yowongoka ndipo pulogalamu imasandutsa yopindika iliyonse isadasunge kapena kufufuza. Koma limeneli ndi lamulo la kalembedwe, ndipo ndikuona kuti eni ake ndi ife a ziyankhulo pamodzi ndi mabungwe monga Centre for Language Studies ya ku Zomba, yomwe idalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996. Tikapanda kusankha, wolemba pulogalamu aliyense azisankha yekha monga adachitira achimwene.

Kubwerera ku Milepa

Pa tchuthi chapitachi ndidasindikiza mndandanda wa nambala zosowa ndi wa mawu a gawo lachitatu, n'kupita nawo kumudzi. Masamba ena a makope aja ndidawamatula ndi mpeni ataumiratu, ndipo pena pamawerengeka lembo loyamba la liwu kapena theka la chiganizo. Mwa amayi asanu omwe ankakhala ndi agogo pakhonde paja, atsala awiri. Mmodzi samva bwino. Winayo ndidamupeza akuyanika mphale.

Ndidawawerengera liwu la nambala 731 momwe lilili m'nkhokwe, ndi ng. Adapukusa mutu. Ndidalitchulanso ndi ng'.

"Eyaa, limenelo. Nanga loyambalo wakuphunzitsa ndani, mdzukulu wanga?"

"Kompyuta, agogo."

"Iuze kuti siyakuno."

Tidakonza mawu 19 tsiku limenelo dzuwa lisadapendeke. Nditafika pa nambala za 2013 ndidawaonetsa tsamba lomwe likungooneka zilembo zitatu zoyambirira ndi mawu akuti "muzu wake amaviika m'". Adaliyang'ana nthawi yaitali ngakhale sadziwa kuwerenga, kenako adati za zitsamba ankadziwa ndi agogo ako, ine ndinkangomvera. Adandiuza kuti kutsidya kwa dambo kuli bambo wina wokalamba yemwe mwina angakumbukire, koma ndipite m'mawa chifukwa masana amagona.